Lusaka, Mudzi Umene Sunataye Khasu

Ife okhala mu Lusaka tikanena kuti "kumudzi", cala cathu ciloza kutali. Wina aloza ku Katete, wina ku Petauke, wina ku Monze kapena ku Kasama. Ndi ocepa amene amakumbukira kuti pano pomwe tiponda, pamene lero pali miseu ya tala ndi nyumba zosanja, panali mudzi weniweni wa nkhokwe, makola ndi minda. Ine ndinabadwira mu Kabwata ndipo ndakalambira mu Chelstone. Pa zaka zonsezi ndaona mzinda wathu ulikukula ndi kusintha maonekedwe, koma khasu silinacoke m'manja mwa anthu ake. Ndifuna kukamba nanu za khasu limeneli, awerengi okondedwa, cifukwa lapulumutsa mabanja ambiri koposa m'mene timaliyamikira, ndiponso cifukwa malo olimapo alikutha ife tili cipenyere.

Mudzi wa Lusaaka

Azungu asanafike, dziko lino linali la Asoli ndi Alenje. Dzina la mzinda wathu linacokera kwa mfumu Lusaaka, amene mudzi wake unali pafupi ndi Manda Hill, kumene tsopano kuli Nyumba ya Malamulo. Anthu a kuno anali kulima mapira, mawere, maungu ndi nyemba, ndipo ndiwo zina anali kuzipeza m'chire. Kufikira lero Asoli amakumbukira ulimi wa makolo ao pa mwambo wa Chakwela Makumbi ku Chongwe, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ipempha mvula ndi kubzala mbeu zoyamba, anthu ake asanalowe m'minda mwao.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1905, pamene njanji yocokera ku Livingstone kupita ku mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe, inapyola pano. Omanga njanji anali kuika poima sitima pa mamailosi 20 alionse, ndipo pamodzi pa malo amenewa anapacha dzina la mfumu ija. Posacedwa kunafika alimi acizungu, ambiri a iwo Mabunu ocokera kumwera, ndi ngolo zao zokokedwa ndi ng'ombe. Anatsegula mapulazi kuzungulira siteshoni, nayamba kutumiza cimanga ndi ng'ombe ku migodi. Mu 1913 kunakhazikitsidwa kabungwe koyendetsa malowa, kochedwa Village Management Board. Dzina lokhalo litiuza kuti ngakhale azungu eni ake anali kuona Lusaka ngati mudzi cabe. Cairo Road, umene lero tiuoloka mothamanga kuopa magalimoto, unali mseu wa fumbi m'cilimwe ndi wa matope m'dzinja.

Maina a malo ena asunga mbiriyi. Roma ndi Villa Elizabetta anali mapulazi a Mtaliyana wina woocha laimu, G. B. Marrapodi, ndipo komboni ya Marapodi itikumbutsa za munthu yemweyo. Makomboni ena anayambira pa mapulazi a azungu, pamene mwini malo anali kulola anthu kumanga tinyumba ndi kumlipira lendi.

Eni nthaka ndiwo anagwa nayo. Mu 1928 ndi 1929 boma la atsamunda linadula malire a malo ochedwa Native Reserves. Nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji ndi ya kufupi ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inatsalira azungu, ndipo anthu akuda anakankhidwira ku malo opanikizika. Mu 1936 kunabwera bungwe la Maize Control Board, limene linagawa msika wa cimanga wa m'dziko muno panai: magawo atatu a alimi acizungu ocepa aja, gawo limodzi la alimi akuda onse pamodzi. Motero mlimi wa kumudzi anacepetsedwa kawiri, kumunda ndi kumsika komwe.

Munda wa amai

Likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935. Katswiri amene anajambula mapulani oyamba, Stanley Adshead, anafuna kuti ukhale mzinda wa mitengo, kapinga ndi maluwa. Maluwawo anafuna munthu wowathirira, ndipo mmodzi wa anthu amenewa anali atate anga. Iwo anacoka kwao kufupi ndi Katete cifukwa ca msonkho ndi kucepa kwa minda, nagwira nchito ya m'maluwa ku Woodlands, pambuyo pake ku Kabulonga. Kawirikawiri anali kuseka okha, namati, "Kwathu udzu timapalira. Kuno ndiuthirira, ndipo pakutha pa mwezi andipatsa malipiro."

Ife tinali kukhala mu Kabwata, m'nyumba zozungulira zofolera udzu zimene poyamba zinamangidwira amuna obwera okha kudzagwira nchito. Zambiri zinagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma 43 zinasiyidwa mu 1974, ndipo ndizo Kabwata Cultural Village. Alendo amapitako kukagula ziboliboli. Ine ndikapitako ndimaona kucepa kwa cipinda m'mene tinali kugona anthu asanu ndi awiri.

Malipiro a atate anali kutha mwezi usanafike pakati. Cimene cinali kutifikitsa kumapeto kwa mwezi ndi munda wa amai. Kumwera kwa Kabwata kunali chire la miyala ya laimu, ndipo pakati pa miyalayo panali timaenje ta dothi lofiira lacondedi. Azimai a mitundu yosiyanasiyana, Acewa, Ansenga, Atonga, Abemba, anagawana malowo popanda kalata kapena mfumu. Malire anali culu, mwala waukulu kapena citsa, ndipo sindikumbuka kuti wina analumphapo malire a mnzake. Mvula yoyamba ikagwa, amai anali kutidzutsa mbandakuca. Cimanga cinali kubzalidwa pamodzi ndi maungu ndi nyemba, therere m'mbali, mbatata pa mitumbira. Mu Januwale, pamene ndalama zonse zapita ku sukulu, tinali kudya cibwabwa. Mu Malici tinali kuocha cimanga caciwisi. Mu Meyi amai anali kufutsa ndiwo ndi kuyanika pa mphasa kuti tidzadye m'cilimwe.

Ulimi wotere sunali wololedwa. Anthu ena aulamuliro anali kunena kuti cimanga cibisa mbala ndi kuswetsa udzudzu. Caka cina, cimanga citayamba kumasula ngayaye, kunabwera amuna ndi zikwakwa nachecha minda yonse tsiku limodzi. Azimai ena analira maliro enieni. Amai anga anaima duu kwa nthawi, kenaka anauza mnansi wao kuti, "Amake mwana, cimanga cadzionetsa cokha cifukwa ca msinkhu. Tiyeni tioke mbatata, iyo imabisala pansi." Sabata lomwelo anayenda kupempha colowa kwa anzao, ndipo mu Juni tinali kumwera tiyi mbatata. Caka cotsatira cimanga cinabzalidwanso pamalo pomwepo. Akulu anati madzi saiwala khwawa.

Zaka za mapulani akulu

Titalandira ufulu, boma linafunitsitsa kukweza mlimi wa kumudzi. Mu Januwale 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu mu Ndola, Pulezidenti Kenneth Kaunda anapempha anthu kuti apange makopaletivu. Ambiri anapangidwa mofulumira, nalandira ngongole ndi mathirakitala, koma oculuka anagwa patapita zaka zocepa. Mu 1969 kunabwera Namboard, bungwe logula cimanga ndi kugulitsa feteleza m'dziko lonse. Boma linali kulipirako mtengo wa unga ndi ndalama za mkuwa, kotero kuti ife a m'tauni tinali kudya nsima yochipa. Pa zaka zimenezo ambiri a msinkhu wanga, amene tinapita ku sukulu ndi kuvala tayi, tinali kuona khasu ngati cinthu ca anthu osaphunzira.

Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo zotsatira zake tonse okalamba tizikumbuka: mizere ya unga, ya saladi ndi ya sopo kuyambira usiku. Mu 1989 kunabwera makuponi a unga, ndipo caka comweco Namboard inathetsedwa. Mu Juni 1990 mtengo wa unga unakwera kuwirikiza kawiri, mu Lusaka munabuka cipolowe, ndipo anthu oposa 20 anataya miyoyo. Boma latsopano la 1991 linacotsa cithandizo ca pa unga, ndipo mu 1992 cilala cinakantha dziko lonse, tinadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja. Makampani ambiri anatsekedwa kapena kugulitsidwa. Ndi m'zaka zomwezo m'mene timapaketi ta unga wa tsiku limodzi, tochedwa pamela, tinaculuka pa misika ya m'makomboni.

Kampani imene ndinali kugwirako nchito ya ukalaliki nayonso inatsekedwa, ndili ndi ana asanu pa sukulu. Kuseri kwa Chelstone kunali malo a chire, ndipo ine ndi mkazi wanga tinalima pamenepo munda wa lima imodzi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, monga mwa muyeso umene alangizi a zaulimi anauphunzitsa kuyambira ca m'ma 1980. Pa caka ca mvula yabwino tinali kukolola matumba 6 a makilogalamu 90. Sanali kutifikitsa caka cathunthu, koma kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi tinali kungolipira cigayo, ndipo ndalama za unga zinali kupita ku sukulu. Kumbuyo kwa nyumba mkazi wanga anali ndi mabedi a repu ndi tomato, othiriridwa ndi madzi otsukira mbale. M'munda woyandikana ndi wathu munali kulima mphunzitsi, kutsogolo kwake msilikali wopuma. Aliyense anali kudziwa kagwiridwe ka khasu, ngakhale amene kale anali kuliseka.

Zimene mlamu wanga anaona ku Russia

Kwa nthawi yaitali ndinali kuyesa kuti nkhaniyi ndi yathu yokha, ya ife amphawi a mu Africa. Amene ananditsegula maso ndi mlamu wanga, mmodzi wa anyamata a Zambia amene anatumizidwa ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1970 kukaphunzira zaulimi. Pa nthawi yokolola, ophunzira anali kutumizidwa ku midzi kukathandiza kukumba mbatatesi, ndipo iye anakhalako masabata angapo pa mudzi wina wa nyumba za matabwa.

Mbiri ya midzi ya ku Russia ndi yowawa. Kufikira 1861, pamene Mfumu Alexander II inawamasula, alimi ambiri anali ngati akapolo a eni nthaka, osaloledwa kucoka pa mudzi. Atamasulidwa, msonkhano wa mudzi, wochedwa mir, ndiwo unali kugawa minda kwa mabanja monga mwa kukula kwa banja, pafupifupi monga icitira mfumu kwathu. Kuyambira 1929 boma la Stalin linakakamiza alimi kupereka minda, ng'ombe ndi akavalo ao ku mapulazi a onse pamodzi, ochedwa kolkhoz. Ambiri anapha ziweto zao m'malo mozipereka, amene anali opezako bwino anathamangitsidwira ku Siberia ndi malo ena akutali, ndipo njala ya 1932 ndi 1933 inapha anthu mamiliyoni ku Ukraine, ku Kazakhstan ndi m'cigwa ca mtsinje wa Volga. Mu 1935 boma linalola banja lililonse la mu kolkhoz kukhala ndi kamunda kakekake kuseri kwa nyumba, ng'ombe imodzi ya mkaka ndi nkhuku. Kamundako kanali gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala kufikira theka la hekitala. M'ciyeso cathu, imeneyo ndi lima imodzi kapena ziwiri.

Cimene cinadabwitsa mlamu wanga ndi kusiyana kwa minda iwiriyi. Ku munda waukulu wa kolkhoz kunali mathirakitala ndi makina okololera, koma anthu anali kugwira nchito mwaulesi, ndipo mbatatesi zambiri zinali kutsala m'nthaka. Madzulo anthu omwewo anali kuthamangira ku timinda tao, mopanda udzu ngakhale umodzi. Gogo amene anali kumsunga anamuonetsa dzenje la pansi pa nyumba, lodzala ndi mbatatesi ndi migolo ya kabici wothira mcere, cakudya ca miyezi ya cisanu pamene nthaka imauma gwa ngati mwala. Mlamu wanga anati, "Alamu, ndinaona mfutso wa amai athu, kungosiyana ndiwo zake." Timinda timeneti tinali pafupifupi magawo atatu okha mwa magawo 100 a nthaka yolimidwa, koma tinali kutulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a zonse zocokera ku ulimi m'dzikolo.

Soviet Union inatha mu 1991, caka comweco cimene ife tinasintha boma. Makolkhoz ambiri anagwa, anchito anakhala miyezi osalandira malipiro, ndipo anthu a m'mizinda anathamangira ku timinda tao ta kunja kwa tauni, tochedwa dacha. Pa zaka zimenezo pafupifupi mbatatesi 9 mwa 10 zilizonse za m'dzikolo zinali kucokera m'timinda ta mabanja. Pamene ine ndinali kupalira kuseri kwa Chelstone, mphunzitsi wina wa ku Moscow anali kucita cimodzimodzi, pa cifukwa cimodzimodzi.

Koma midzi ya kumeneko ili ndi tsoka lakelake. Acinyamata anapita ku mizinda, m'midzi munatsala nkhalamba, ndipo kalembera wa 2010 anapeza midzi yoposa 19,000 yopanda munthu ngakhale mmodzi. Kumeneko nthaka ilipo, olima ndiwo anatha. Kwathu kuno olima tilipo, nthaka ndiyo ikutithera.

Nthaka pansi pa simenti

Mu 1963 anthu a mu Lusaka anali pafupifupi 123,000. Kalembera wa 2022 anapeza oposa 2.2 miliyoni. Anthu onsewa afuna pogona, ndipo palibe angawaimbe mlandu pa cimeneco. Chalala, Ibex Hill, Chamba Valley, Meanwood ndi Silverest anali mapulazi ndi chire dzulodzuloli, lero ndi mapuloti okhaokha. Pamene panali munda wa amai anga pali nyumba. Pa lima yanga ya kuseri kwa Chelstone pazungulira mpanda wa njerwa, ndipo mwini wake ali ndi mapepala onse oyenera. Ndiwo za pa Soweto Market zimacokera kutali, ku Chongwe, ku Chibombo, ku Mumbwa ndi ku Mkushi, ndipo mtengo wa mafuta a galimoto umalowa mu mtengo wa tomato.

Comvetsa cisoni koposa ndi cimene timacita pa mapuloti athu omwe. Munthu akamaliza nyumba, bwalo lonse alithira simenti kufikira pa geti, osasiya ngakhale pobzala phata limodzi la dzungu. Mzinda wathu unakhala pa mwala wa laimu wa mabowo, umene umasunga madzi pansi, ndipo mbali yaikulu ya madzi amene timamwa imacokera m'zitsime zokumba ndi makina, ina ku mtsinje wa Kafue. Madzi a mvula akasowa polowera amathamangira m'miseu ndi m'nyumba za anthu a m'makomboni, ndipo zitsime zimaphwa msanga. Nkhalango ya Forest 27 kum'mawa kwa mzinda, kumene kuyambira mtsinje wa Chalimbana, inayamba kudulidwa mapuloti mu 2017, ngakhale Asoli okhala kumunsi kwa mtsinjewo anadandaula.

Caka ca 2024 cinatikumbutsa zimene tinali titayamba kuiwala. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapsa ndi dzuwa, ndipo zokolola zinatsika kucoka pa matani oposa 3 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni. Thumba la unga woyera la makilogalamu 25 linapitirira K300. Cilalaco sicinasiye timinda ta m'tauni, natonso tinapsa. Koma mu mseu wathu ndinaona kusiyana pakati pa nyumba imene inali ndi bedi la repu, mbatata ndi mtengo wa mapapaya kumbuyo, ndi nyumba imene inali kugula ciliconse, kuyambira unga kufikira tsamba la ndiwo.

Sindinena kuti kamunda ka kuseri kwa nyumba kangadyetse mzinda wa anthu mamiliyoni awiri. Nsima yathu idzacokerabe kwa alimi a ku Chipata, a ku Kalomo, a ku Chisamba ndi a ku Mkushi, ndipo iwo ayenera kulandira feteleza pa nthawi yake ndi mtengo wabwino wa cimanga cao. Koma ine ndaona Namboard ikubwera ndi kupita, makopaletivu, makuponi, ndi maboma osiyanasiyana ndi malonjezo ao. Nthawi iliyonse pamene zazikuluzo zinagwedezeka, banja linatsamira pa kamunda kake. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Cifukwa cake ndipempha inu amene mulikumanga, ku Chalala kapena kwina kulikonse, kuti posakaniza simenti musiyeko mapazi angapo a dothi kumbuyo kwa nyumba. Ndipempha makhansala ndi ojambula mapulani a malo atsopano kuti, monga amasiya malo a sukulu ndi a msika, asiyenso malo a madimba, makamaka m'madambo m'mene nyumba zimangomira ndi madzi. Ofuna kuphunzira kulima malo ocepa popanda feteleza wogula sasowa kopita: sukulu ya zaulimi ya ku Kasisi, imene inayamba mu 1974, yakhala ikuphunzitsa alimi ang'onoang'ono ulimi wa manyowa kwa zaka zambiri.

Ndipo kwa ife makolo ndi agogo, nchito yaikulu ili pakhomo. Ana athu ambiri adziwa mtengo wa unga koma sadziwa kuti phando limodzi lilandira njere zingati, kapena kuti colowa ciokedwa motani. Nzeru imeneyi tinailandira kwaulere kwa amai athu, ndipo ikadumpha mbadwo umodzi wokha yatayika. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, mdzutseni mwanayo, mpatseni khasu la msinkhu wake ndi mzere wakewake, ndipo mumlole adzadye dzungu limene anabzala yekha.